Röntgen: wochotsedwa sukulu amene anatulukira X-ray

Ambiri mwa ife tinaperekezapo m'bale wothyoka mkono kukajambulidwa pa X-ray kuchipatala, koma ndife ochepa amene timadziwa munthu amene anatulukira kuwala kumeneku. Dzina lake ndi Wilhelm Conrad Röntgen, ndipo anabadwa pa 27 Malichi 1845 ku Lennep, m'dziko la Germany.

Anakulira ku Netherlands. Kumeneko anamuchotsa sukulu ku Utrecht pomuganizira kuti anajambula chithunzi chonyoza mphunzitsi, chonsecho anajambula ndi mnzake. Anachoka wopanda satifiketi, koma sanataye mtima. Mu 1865 analowa koleji ya zaumisiri ku Zurich, ku Switzerland, ndipo mu 1869 analandira digiri ya PhD.

Pa 8 Novembala 1895, ali pulofesa ku Würzburg, ankadutsitsa magetsi m'chubu chagalasi chimene anachikuta ndi katoni yakuda. M'chipindamo munali mdima, koma pepala lopakidwa mankhwala lomwe linali chapoteropo linayamba kuwala. Sanazitenge mopepuka. Anafufuza kwa milungu ingapo mpaka anatsimikiza kuti pali kuwala kosaoneka ndi maso komwe kukubowola katoniyo. Poti sankakudziwa, anakutcha X, monga timachitira m'masamu.

Pa 22 Disembala anajambula dzanja la mkazi wake, Anna Bertha, ndipo pachithunzipo panaoneka mafupa ndi mphete. Kuwalaku kumadutsa mosavuta mumnofu, koma mafupa amakutchinga n'kusiya mthunzi.

Mu 1901 anakhala woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya fizikisi, ndipo ndalama zake anazipereka ku yunivesite ya Würzburg. Anakananso kulembetsa lusoli ngati lake kuti ena azimulipira, choncho linafalikira msanga m'zipatala. Anamwalira ku Munich pa 10 Febuluwale 1923, chuma chake chitatha mphamvu chifukwa cha kukwera kwa mitengo ya zinthu nkhondo itatha.

Mthunzi wa mafupa uja kale unkagwera pagalasi, kenako pafilimu. Lero zipatala zambiri zimaulandira pachipangizo chophwatalala chimene chimatumiza chithunzi pakompyuta. Chipangizochi n'cholimba, pamene thupi la munthu ndi lokhotakhota, n'chifukwa chake akatswiri akuyesa kupanga zina zopyapyala, zapulasitiki, zotha kupindika mozungulira mkono kapena mwendo.

Ophunzira athu, ntchito imeneyi sinathe, ndipo ikudikira manja enanso. Ife makolo ndi aphunzitsi, mwana akapunthwa pasukulu tisafulumire kunena kuti zake zada.