Dotolo Laws ndi Nyumba ya Miyala ya ku Khondowe

Munthu akachoka pa Chitimba m'mphepete mwa nyanja, nakwera msewu wa Gorodi umene umapindika malo okwana 20, amafika pa chitunda cha Khondowe m'boma la Rumphi. Pamenepo pali nyumba ya miyala yotchedwa Stone House, imene inamangidwa m'chaka cha 1903, ndipo lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. M'mizinda ya ku Ulaya nyumba zotere zimadzala ndi zithunzi za akatswiri ojambula, koma m'nyumba iyi mlendo amapeza makalata, makina ogonetsera odwala, galamafoni, ndi zithunzi za pagalasi zimene kale ankaonetsa pansalu ndi nyali kanema asanafike kuno. Mwini nyumbayo anali Dotolo Robert Laws.

Laws anabadwira mu mzinda wa Aberdeen ku Scotland m'chaka cha 1851. Atate ake anali mmisiri wa matabwa, ndipo mnyamatayo anaphunzira ntchito yomweyo asanakwere maphunziro. Anali wa m'banja losauka, motero anaphunzira movutikira, uku akugwira ntchito, kufikira atatsiriza maphunziro a udokotala ndi a ubusa. Luso la manja limene anatengera kwa atate ake silinamuchoke, ndipo ndilo likutithandiza kumvetsa zonse zimene anadzachita pambuyo pake.

M'chaka cha 1875 anabwera ndi gulu la amishoni lotsogozedwa ndi E. D. Young. Sitima yao ya Ilala inaphwasulidwa pa mathithi a Shire, anthu mazanamazana naisenza pamutu, ndipo inalowa m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho. Anayamba ntchito ku Cape Maclear, kumene malungo anawasautsa kwambiri. Patapita zaka zisanu anali atakumba manda angapo a anzao, koma wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, m'chaka cha 1881. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga, ndipo mu 1894 Laws anasankha Khondowe, malo okwera ndi ozizira.

Apa ndipo pamene mwana wa mmisiri uja anaonetsa maganizo ake. Sanafune kasukulu kophunzitsa kuwerenga kokha ai. Ndi ndalama za Lord Overtoun anakhazikitsa sukulu ya Overtoun Institution, kumene anyamata ankaphunzira uphunzitsi, ubusa, ntchito za chipatala, ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga pa lamya. Anakumbitsa msewu wotsikira ku nyanja, anakokera madzi m'mipope kuchokera ku mapiri, ndipo pofika cha m'ma 1905 magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi ankayaka ku Khondowe, pamene midzi yambiri ya kwao ku Scotland inali kuunikirabe nyali za mafuta. Tangoganizani, awerengi, mwana wochokera ku Henga kapena ku Usisya akuona zimenezi koyamba!

Zipatso za sukuluyo zinafika kutali. David Kaunda, atate a mtsogoleri woyamba wa Zambia, anaphunzira kumeneko asanapite kukalalikira ku Chinsali. Clements Kadalie anatsiriza maphunziro ake mu 1913, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe lalikulu la antchito la ICU ku Cape Town. Levi Mumba, amene anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, nayenso anali wa sukulu yomweyi.

Komabe tikamayamikira tisabise mbali ina. Amishoni a nthawi ya Laws anali achangu pophunzitsa, koma ozengereza popereka udindo kwa amene anawaphunzitsawo. Taonani nkhani ya Charles Domingo, amene anakulira pakhomo pa Laws penipeni. Anatsiriza maphunziro a ubusa, napatsidwa chilolezo cholalikira, koma zaka zinapita osadzozedwa, mpaka anatopa nachoka m'chaka cha 1908. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 chifikire amishoniwo. Ine ndiona kuti Laws ankakhulupiriradi nzeru za Mwafrika kuposa Azungu ambiri a masiku amenewo, koma monga mmisiri wosamala kwambiri, ankavutika kusiya chida m'manja mwa wophunzira wake. Aphunzitsi anzanga adziwa okha kuti vuto limeneli silinathere ku Khondowe.

Ulemu sunamusowe. Mu 1908 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa mpingo wake ku Scotland, ndipo mkanjo umene anavala pa udindowo ukusungidwa m'nyumba ya miyala ija. Anakhalanso m'nyumba ya malamulo ya Nyasaland, ndipo anaona mpingo wa CCAP ukubadwa mu 1924. Chimene chinamukanika ndi chija ankachifunitsitsa, chosandutsa sukulu yake kukhala yunivesite, pakuti ndalama zinasowa ndipo amishoni anzake ambiri sanagwirizane naye.

Mkazi wake, Margaret, anamwalira mu 1921. Laws anachoka m'dziko muno mu 1927 atagwira ntchito zaka 52, namwalira ku London m'chaka cha 1934. Yunivesite ya Livingstonia inadzatsegulidwa pa chitunda chomwecho mu 2003, patapita zaka 69 iye ali m'manda kwao ku Aberdeen.