James Mackenzie, Dotolo Womvetsera Mtima

Ana inu, ikani zala ziwiri pamkono panu, m'munsi mwa cala cacikulu. Kanthu kamene mulikumva kakugunda ndiwo mwazi umene mtima ulikukankha m'mitsempha. Namwino wa pa cipatala ca Chongwe akagwira mkono wanu, alikuwerenga kugunda komweko. Koma mtima wa anthu ena uphonya-phonya, monga ng'oma ya mnyamata wosazolowera. Kodi munthu wotere ali pafupi kufa? Amene anafunafuna yankho lace zaka zambiri ndiye James Mackenzie.

Iye anabadwa caka ca 1853 ku Scone, m'dziko la Scotland, ndipo atate wace anali mlimi. Anasiya sukulu akali mnyamata, nalowa nchito m'sitolo yogulitsa mankhwala ku Perth. Pambuyo pace anaphunzira udotolo ku Edinburgh, natsiriza mu 1878. Caka cotsatira anapita ku Burnley, mzinda wa utsi ndi makina oomba nsaru ku England, ndipo anakhala kumeneko zaka 28, nayendera odwala khomo ndi khomo.

Tsiku lina mai wina wacitsikana anamwalira m'manja mwace pa nthawi ya kubala, cifukwa mtima wace unalephera. Mackenzie anagwidwa cisoni cacikuru, pakuti sanaone cizindikiro ciri conse comcenjeza. Kuyambira pamenepo anayamba kusanthula mitima ya odwala ace. Anapanga makina ang'ono olemba papepala kugunda kwa mtsempha wa pamkono pamodzi ndi kwa mtsempha wa m'khosi, ndipo mmisiri wina wokonza mawochi anamthandiza kuwakonza kuti alembe ndi inki. Koma nzeru yace yeniyeni inali kupirira. Anasunga mapepalawo, nayang'anira anthu omwewo caka ndi caka, kuti aone ndani adwala, ndani akalamba ali wolimba.

Zimene anapeza zikhudza inu ana. Mwana akakokera mpweya m'cifuwa, mtima wace ufulumira pang'ono; akauturutsa, ucedwa. Yesani nokha. Masiku aja madotolo ambiri anayesa kuti imeneyi ndi nthenda, ndipo ana abwino-bwino anagonekedwa pakama miyezi yambiri, naletsedwa kuthamanga ndi anzao. Mackenzie anaonetsa kuti umo ndi mmene ucitira mtima wamoyo wa mwana. Anaonetsanso kuti mtima wolumpha kamodzi-kamodzi kawirikawiri ulibe coopsya, ngati mwini wace ayenda ndi kugwira nchito osabanika. Motero anacotsa mantha m'nyumba zambiri, ndipo ine ndiyesa kuti imeneyi inali mphatso yace yoposa zonse.

Koma kuphonya kwina nkoopsya ndithu. Mtima uli ndi zipinda zinai, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi. Mackenzie anaona kuti mwa odwala ena zipinda za pamwamba zileka kugunda bwino, ndipo mtima uthamanga wopanda dongosolo. Anaphunzira kuucedwetsa ndi mankhwala a digitalis, ocokera m'masamba a duwa lochedwa foxglove. Mu 1909 mnzace Thomas Lewis, pogwiritsa nchito makina a magetsi a Willem Einthoven, anatsimikiza kuti zipindazo zingonjenjemera cabe. Lero tidziwa kuti mwazi ukhoza kuundana m'zipinda zonjenjemerazo ndi kumfetsa munthu ziwalo. Cifukwa cace wodwala wotere ayenera kupimidwa ku cipatala.

Buku lace loyamba lonena za kugunda kwa mitsempha linaturuka mu 1902. Mu 1907 anasamukira ku London, ndipo mu 1915 Mfumu George V inampatsa ulemu wochedwa Sir. Anthu anadabwa pamene mu 1918 anasiya ulemerero wa ku London napita ku St Andrews, mudzi waung'ono wa ku Scotland, kuti akaphunzire mmene nthenda ziyambira zisanakule.

Iye mwini anadwala mtima, nazindikira bwino lomwe zizindikiro zace. Anamwalira ku London pa 26 January 1925. Monga anapempha akali moyo, madotolo anacotsa mtima wace naupereka ku St Andrews, ndipo pousanthula anapeza kuti mitsempha yodyetsa mtimawo inali itauma ndi kuphinjika.