Bram Stoker, mlendo amene anapatsa Angerezi namapopa wawo

Inu amene mukugwira ntchito ku Leeds, Bradford kapena Middlesbrough mwina munafikako ku Whitby, katauni ka asodzi ku gombe la North Yorkshire. Ine ndinapitako nditaweruka mashifiti anayi a usiku, n'kukwera masitepe 199 aja mpaka pa tchalitchi cha St Mary ndi mabwinja a Whitby Abbey. M'mashopu a kumeneko nkhope ndi imodzi basi: Dracula, mfumu ya anamapopa ya m'buku. Koma mwini bukulo ambirife sitimudziwa, chonsecho naye anali wobwera ngati ife tomwe.

Bram Stoker anabadwa pa 8 Novembala 1847 ku Clontarf, ku Dublin m'dziko la Ireland. Mpaka zaka 7 anali mwana wodwaladwala, wongokhalira kugona. Mayi ake, a Charlotte, anapulumuka mliri wa kolera ku Sligo mu 1832, ndipo ankamusimbira zimene anaona, ngakhale za odwala amene ankaikidwa m'manda mpweya usanathe. Atachira, mnyamatayo anadzakhala katswiri wa masewera ku Trinity College, kenaka analowa ntchito ya boma ku Dublin Castle. Madzulo ankalembera nyuzipepala ndemanga za zisudzo, popanda malipiro.

Ndemanga imodzi ndiyo inasintha moyo wake. Mu 1876 anayamikira Henry Irving, katswiri wa zisudzo, pa sewero la Hamlet, ndipo awiriwa anayamba chinzake. Mu 1878 Stoker anakwatira Florence Balcombe, n'kusamukira ku London kukayang'anira Lyceum Theatre ya Irving. Kwa zaka 27 ndiye ankawerengera ndalama, kuyankha makalata, kukonza maulendo mpaka ku America. Mu 1895 Irving anapatsidwa ulemu wa Sir. Kutchuka kunali kwa bwana, thukuta linali la Stoker. Amene timasamala odwala usiku wonse, m'mawa n'kumva akuthokoza adokotala okha, tikudziwa mmene zimakhalira.

Mu 1890 anapita kutchuthi ku Whitby. Mu laibulale ya kumeneko anapeza buku la William Wilkinson la 1820 lonena za Wallachia ndi Moldavia, ndipo m'menemo ndimo anakumana ndi dzina loti Dracula. Anamvanso za sitima ya ku Russia, Dmitry, imene inatitimira mumchenga padoko lomwelo mu 1885. Ku Transylvania kwenikweniko sanapondeko. Anangosonkhanitsa zonsezi, buku n'kutuluka mu 1897.

Tamverani mmene namapopa wakeyo amalowera ku England. Sabwera ndi asilikali ayi. Amagula nyumba kudzera mwa loya, mapepala onse ali m'malo, Chingerezi ataphunzira kale, n'kufika pa sitima ku Whitby cholinga chili pa mzinda wa London. Mantha amene Stoker anagwira ndi akale: mlendo wolowa mwakachetechete, ndi nthenda yofala kudzera m'magazi. Zachipatala ankazidziwako, pakuti abale ake atatu anali madokotala. M'bukumo mtsikana Lucy amaikidwa magazi a amuna anayi, popanda kuyeza chilichonse. Nesi aliyense tsitsi limamuima akawerenga pamenepo, koma Karl Landsteiner anadzatulukira magulu a magazi mu 1901, buku litatuluka kale.

Ntchito ya Stoker inathera kuno kumpoto. Pa 13 Okutobala 1905 Irving, atangomaliza sewero la Becket ku Bradford, anagwa n'kumwalira mu Midland Hotel. Stoker, amene anali naye paulendowo, anatsala wopanda bwana, wopanda ntchito. Anadwala sitiroko, ndalama zinavuta, mpaka mu 1911 anapempha thandizo ku Royal Literary Fund. Anamwalira ku London pa 20 Epulo 1912, dziko lonse likulira sitima ya Titanic imene inali itamira masiku asanu m'mbuyomo. Chuma chimene Dracula wapanga m'makanema ndi m'mabuku, mwini wake sanachilawe.

Lero Whitby ikudya naye namapopayu. Mu Meyi 2022 anthu 1,369 anasonkhana pa Abbey atavala ngati Dracula, ena atabereka ana. Ine ndikaona zimenezi mtima umathamangira kwathu. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa n'kuphedwa, ndipo amene ankakayikiridwa msanga anali alendo ndi azaumoyo. Kuno ndimatenga magazi a odwala m'mawa uliwonse, iwo n'kumandithokoza. Kumudzi nyengo imene ija, jekeseni yemweyo akanatha kundiphetsa.

Stoker anawaika mantha ake m'buku, momwe saphetsa munthu. Ife tili ndi foni. Mukamaimbira kwanu sabata ino, musangofunsa za feteleza ndi fizi. Afotokozereni amayi ndi agogo chifukwa chake kuchipatala amatenga magazi, ndi kumene magazi operekedwa ku Malawi Blood Transfusion Service amapita: kwa mayi wotaya magazi pobereka, kwa mwana amene malungo amuumitsa. Akamva kwa mwana wawo, amakhulupirira.