JOHN BRADBURNE, MBALE WA ODWALA KHATE A KU MUTEMWA

M'chigwa cha Domasi, monganso m'midzi yambiri ya m'boma la Zomba, ngowerengeka mabanja amene alibe mbale amene adapita ku Rhodesia kukafuna ntchito. Ena adayenda pansi, ena adalembedwa ndi a Mthandizi. Ambiri adabwerako ndi njinga ndi mabulangete, koma ena sadabwerenso, ndipo kwao adawatcha machona. Tsono si onse amene adachona chifukwa cha zokoma za m'tauni. Adalipo ena amene idawagwira nthenda ya khate, nakalambira kuchilendo, opanda mwana kapena mdzukulu wowatungira madzi. Mbiri ino ndi ya munthu amene adadzisandutsa mbale wa anthu otere.

John Bradburne adabadwa pa 14 Juni 1921 m'mudzi wa Skirwith, kumpoto kwa England. Atate ake adali wansembe wa Mpingo wa Angilikani. Itabuka nkhondo yaikulu yachiwiri, iye adakhala mtsogoleri m'gulu la asilikali a Gurkha, natumizidwa ku Malaya. M'chaka cha 1942, asilikali a Japan atagonjetsa dzikolo, John adabisala m'nkhalango, nadwala malungo oopsa, napulumuka pa bwato kufikira pa chilumba cha Sumatra. Atachira adakamenyanso nkhondo ku Burma, dziko lomwe lija kumene asilikali a K.A.R. ochokera kuno adakamenyako. M'zaka za nkhondozo adapalana ubwenzi ndi msilikali mnzake, John Dove, amene pambuyo pake adadzakhala wansembe wa chipani cha Ajezuiti.

Nkhondo itatha, mtima wake sudakhazikike. M'chaka cha 1947 adalandiridwa mu Eklezia Katolika. Adayesa kangapo kulowa m'nyumba za amonaki, koma konseko sadakhalitse. Adayendayenda ku England, ku Belgium, ku Italy ndi ku Yerusalemu, nthawi zambiri wopanda ndalama, akugwira tintchito tosiyanasiyana. M'chaka cha 1956 adalowa m'Chipani Chachitatu cha Francis Woyera wa ku Assisi, chimene ndi cha akhristu eni ake, osati ansembe. Anthu omuona ankamuyesa munthu wosapirira pa chinthu chimodzi, ndipo kunena zoona, kufikira zaka 40 za moyo wake panalibe ntchito imene akadailoza kuti nayi yanga.

Pomaliza adalembera kalata Bambo Dove, amene nthawiyo adali ku Rhodesia, kuwafunsa ngati ku Afrika kungapezeke phanga loti iye azipempheramo. Bambo Dove adamuitana, ndipo adafika m'chaka cha 1962. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankathandiza pa mamishoni, makamaka ku Chishawasha pafupi ndi Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare.

M'chaka cha 1969 mnzake wina adamtengera ku Mutemwa, pafupi ndi Mutoko, mtunda wa mailosi ngati 90 kumpoto chakum'mawa kwa Salisbury. Kale pamalopo padali mudzi waukulu wa odwala khate, monga momwe kuno kudaliri ku Mua ndi ku Utale. Utapezeka mankhwala a dapsone, boma lidabweza ambiri kwao kuti azikalandira mankhwala ali kumudzi. Otsala adali aja opanda kolowera: okalamba, akhungu, oduka zala ndi mapazi, ndi alendo ochokera ku maiko oyandikana monga Mozambique ndi Malawi. John adapeza anthu ngati 80, auve, anjala, a zilonda zosatsuka. Ataona zimenezi sadathe kuchokapo ndi mtima woyera. Adabwerera ndi katundu wake wochepa, naikidwa kukhala woyang'anira malowo.

Kuti ntchito yake imveke, nkofunika kudziwa zimene khate limachita. Kachirombo kake kamaononga mitsempha, kotero kuti dzanja kapena phazi silimvanso kuwawa. Munthu amapsa ndi moto osadziwa, amaponda minga osadziwa, ndipo chilonda chimakula mpaka chiwalo kuonongeka. Mankhwala amapha kachiromboko, koma sabweza zala zimene zidatha, ngakhale maso amene adachita khungu. Chifukwa chake ambiri a ku Mutemwa sankasowa mankhwala okha. Ankasowa munthu wowasamala tsiku ndi tsiku kufikira imfa.

Munthuyo adali John. M'mawa uliwonse ankayendera nyumba iliyonse, nalonjera mwini wake pomutchula dzina. Ankawasambitsa, kuwamanga zilonda, kuwenga zikhadabo za amene adali nazo zala, ndi kudyetsa amene sakadatha kugwira mbamu ya nsima. Ankapirikitsa makoswe amene ankaluma matupi osamva kuwawawo usiku. Wina akadwala kwakayakaya, iye ankachezera pambali pake, ndipo akamwalira ankamuika m'manda mwaulemu. Adathandiza kumanga katchalitchi, naphunzitsa anthuwo kuimba, iye akuwaimbira limba. Dotolo wa ku Italy, Luisa Guidotti, wa pa mishoni ya All Souls, ankabwera kudzaona odwalawo. Pang'onopang'ono malo amene adali ongodikirirapo imfa adasanduka mudzi, wokhala ndi nyimbo zake, maliro ake ndi nthabwala zake.

Koma ntchito yabwino siisowa milandu. Akuluakulu a bungwe loyang'anira malowo, la Rhodesia Leprosy Association, adaona kuti John akuononga ndalama zambiri pa chakudya, ndiponso kuti samvera malamulo. Iye adakana kuchepetsa phoso la anthu amene adali ofooka kale. Adakananso kuwaveka manambala m'khosi, pakuti adati munthu ali ndi dzina, sali ng'ombe. M'chaka cha 1973 adamchotsa ntchito. Nzoona kuti John sadali munthu wapafupi kugwira naye ntchito: adali wopsa mtima msanga, ndipo za mabuku a ndalama sadali nazo chidwi. Komabe pa mfundo ziwirizi ndani angamutsutse?

Wina akadanyamula katundu nabwerera kwao. John adangotuluka kunja kwa mpanda, nakhala m'kanyumba ka malata kopanda madzi, kotentha masana ngati ng'anjo. M'menemo adakhala zaka zisanu ndi chimodzi, wopanda malipiro ndi wopanda udindo, akupitirizabe kutumikira anthu ake ndi kupemphera nawo. Ankakwera phiri la Chigona kukapemphera, ndipo ankalemba ndakatulo, zimene zonse pamodzi zidakwana ngati 6,000.

Nthawi imeneyo nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe idakula m'dera la Mutoko. M'mwezi wa Julayi 1979 Dotolo Guidotti adaomberedwa ndi asilikali a boma la Rhodesia pamseu, namwalira. Abwenzi a John adamdandaulira kuti achoke, koma iye adakana kusiya okalamba ake. Usiku wa pa 2 Sepitembala anyamata othandiza ankhondo a m'tchire adamgwira, namnamizira kuti ndi kazitape wa boma. Atamfunsa mafunso sadampeze ndi mlandu, koma ku Mutemwa sadafikenso. Pa 5 Sepitembala 1979 adaomberedwa ndi mfuti, ndipo mtembo wake udapezeka m'mbali mwa mseu wa ku Nyamapanda, mseu womwewo umene a Malawi amadzera popita ku Harare kudzera ku Tete. Adali ndi zaka 58.

Ali moyo adaululira wansembe wina zofuna zitatu za mtima wake: kutumikira odwala khate, kufera chikhulupiriro, ndi kuikidwa m'manda atavala mkanjo wa Francis Woyera. Adaikidwa ku Chishawasha atavala mkanjowo. Chiyambire nthawi imeneyo anthu zikwizikwi akhala akupita ku Mutemwa m'mwezi wa Sepitembala kukakumbukira imfa yake. M'chaka cha 2019 Roma adalola kuti ntchito yofufuza moyo wake iyambe. Ngati adali woyera, Eklezia ndiye adzagamule. Koma zimene adachita ndi manja ake nzoonekeratu kwa aliyense.

Masiku ano khate limachizika ndi mankhwala ophatikiza amene adayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1980, ndipo wolandira mankhwalawo msanga sapunduka. Koma ukalamba ulibe mankhwala. M'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Domasi alimo agogo amene ana awo ali ku Blantyre kapena ku Johannesburg, amene denga likuwadonthera, amene nkhuni ndi madzi zidawatalikira, ndipo ena mwa iwo m'malo mwa chithandizo amalandira dzina la ufiti. John Bradburne sadali dotolo, sadali wolemera, ndipo sadamange chipatala. Adadziwa dzina la aliyense, adafika pakhomo tsiku lililonse, ndipo zinthu zitavuta sadathawe. Zitatuzi sizilira sukulu kapena ndalama, ndipo mudzi uliwonse, mpingo uliwonse ndi banja lililonse lingathe kuzichita. Akale adanena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnyamata amene lero akulambalala khomo la nkhalamba akumbukire kuti naye adzakhala pakhonde tsiku lina, akudikira kuti wina amtchule dzina.