N!xau, bambo wa botolo lija

Inu owerenga, ngati munalowapo m'nyumba ya vidiyo ku Luia kapena ku Cassacatiza, mwina munaonera filimu ya munthu wamfupi, womwetulira, amene anatola botolo la Coca-Cola lotayidwa kuchokera m'ndege. Filimuyo ndi The Gods Must Be Crazy, pa Chipwitikizi Os Deuses Devem Estar Loucos. Inatuluka mu 1980. Munthuyo dzina lake anali N!xau. Chizindikiro cha ! m'dzinali chikuimira kaphokoso ka lilime ka m'chilankhulo chawo.

N!xau anabadwa cha mu 1944 kudera la Tsumkwe, ku Namibia. Anali wa mtundu wa San. Tsiku lobadwa sanalidziwe, monga agogo athu ambiri. Kusukulu sanapite.

Jamie Uys wa ku South Africa ndiye anamusankha kuti asewere ngati Xi, mlenje amene akuyenda ulendo wautali kukataya botolo lomwe layambanitsa abale ake. Anthu padziko lonse anaseka. Koma filimuyo inabisa zambiri. Inaonetsa a San ngati anthu osadziwa ndalama kapena mavuto, pomwe nthawiyo malo awo osakako anali atachepa, ndipo asilikali a South Africa ankalemba anyamata awo usilikali.

Filimu inapindula mamiliyoni a madola. Nyuzipepala zinalemba kuti N!xau analandira madola 300 okha. Inu amene mumalima fodya pa kontarakiti mukudziwa mmene zimakhalira ngati wodziwa mtengo wa ntchito yanu ali mnzanu yekha wogulayo.

Pa filimu yachiwiri, ya mu 1989, sanalolenso. Anakambirana malipiro ake, ndipo analandira ndalama zochuluka kwambiri. Kenaka anakasewera m'mafilimu a ku Hong Kong, monga Crazy Safari ya mu 1991.

Ntchito ya mafilimu itatha, anabwerera kwawo. Anamanga nyumba ya njerwa, anagula ng'ombe, nkumalima chimanga, maungu ndi nyemba.

Mu Julaye 2003 anachoka pakhomo kupita kutchire, ndipo sanabwerere. Anamupeza atamwalira. Ankadwala chifuwa chachikulu, chija chosamva mankhwala wamba. Anali ndi zaka pafupifupi 59. Anamuika m'manda ku Tsumkwe komweko.