Isaac Asimov, munthu amene anaikira maloboti malamulo

Mwina mwaonapo mwana wanu akufunsa foni funso, foniyo n'kumuyankha ngati munthu. Makina otere amawachula AI. Nanga ndani angawaletse kucita zoipa? Munthu wina anayamba kuganizira funsoli kalekale, makinawa asanabwere. Dzina lake ndi Isaac Asimov.

Asimov anabadwa m'caka ca 1920 m'mudzi wa Petrovichi, ku Russia. Ali ndi zaka 3, makolo ake anasamukira ku New York, ku America. Bambo ake anali ndi kasitolo ka maswiti ndi nyuzipepala. Mnyamatayu anadziphunzitsa yekha kuwerenga, ndipo m'kasitolomo ankawerenga magazini a nthano za sayansi. Atakula anaphunzitsa sayansi pa yunivesite ya Boston. Mabuku amene analemba kapena kukonza ndi pafupifupi 500.

Nthawi imeneyo nthano zambiri zinkakamba za maloboti oukira anthu amene anawapanga. Loboti ndi makina ogwira nchito ngati munthu. Asimov sanagwirizane nazo. Inu mukudziwa kuti mpeni amauikira cogwirira kuti usaceke mwini wake. Iye anaona kuti loboti nayonso ikufunika citetezo cotero.

Conco mu 1942, m'nthano yochedwa Runaround, analemba malamulo atatu. Loyamba limaletsa loboti kuvulaza munthu, kapena kungoyang'ana munthu akuvulala. Laciwiri limaiuza kumvera anthu, kupatula akaituma kuvulaza wina. Lacitatu limailola kudziteteza, bola isaphwanye malamulo awiri aja.

Koma tamvani zimene zinacitika m'nthanomo. Loboti ina, dzina lake Speedy, anaituma kumalo oopsa. Lamulo lomvera linkaikankhira kutsogolo, lamulo lodziteteza n'kumaibweza. Basi inangoyamba kuzungulirazungulira, osafika, osabwerera. Mpaka munthu wina anadziika dala pangozi, ndiye lobotiyo inathamanga kukamupulumutsa. Apa Asimov anaonetsa kuti ngakhale malamulo abwino amatha kukolana, ndipo womasula mfundoyo ndi munthu.

Asimov anamwalira pa 6 Epulo 1992 ku New York, AI ya m'mafoni asanaione. AI imeneyi simayendera malamulo ake atatu aja. Imaphunzira kuyankha kucokera ku zolemba zambirimbiri za anthu. Amene amaipanga amayesetsa kuiikira malire, komabe nthawi zina imalakwitsa, n'kumayankha molimba mtima ngati ikunena zoona.

Taganizani: mwana watentha thupi usiku, inu mwafunsa foni za mankhwala. Foniyo simukumuona mwanayo, sikudziwa kulemera kwake. Ikalakwitsa, wovutika ndi mwana wanu. Yankho lake liwerengeni ndithu, popeza tsopano mukutha kuwerenga nokha. Koma kukaca, mutengeni mwanayo mupite naye kucipatala, anamwino akamuone ndi maso.