Harold Gimblett ndi Nthenda Yosaoneka ndi Maso

Kiriketi si masewero amene Amalawi ambiri amawatsata. Mumzinda wa Lilongwe masewerowa amadziwika ndi anthu ochepa, ngakhale kuti pabwalo la Lilongwe Golf Club, kufupi ndi Old Town, timu ya dziko lathu idasewerapo ndi ya Mozambique mu Novembala 2019 polimbirana chikho cha Kwacha Cup. Choncho wina akhoza kudabwa kuti m'chimangirizo chino ndasankha kulemba mbiri ya Mngelezi wosewera kiriketi amene adamwalira kalekale mu 1978. Ndamusankha chifukwa Harold Gimblett adasiya ntchito yake akadali katswiri woposa anzake onse patimu, ndipo chidamusiyitsa ndi nthenda ya maganizo. Nthenda imeneyi ili pakati pathu, koma mpaka lero timaikamba monong'ona.

Ndiyambe ndafotokoza pang'ono za masewerowa. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Wina amaponya mpira wolimba kuti agwetse timitengo titatu tozikidwa pansi, pamene wa timu inayo amateteza timitengoto ndi thabwa. Akamenya mpira n'kuthamanga, amapeza mapointi otchedwa ma run. Akalakwitsa kamodzi kokha amatuluka m'bwalo, mwina osamenyanso tsiku lonselo. Ku England maboma akuluakulu ali ndi matimu awo, ndipo masiku a Gimblett mpikisano umodzi unkatenga masiku atatu. Omenya awiri oyambirira ndiwo amakumana ndi mpira watsopano komanso oponya aliwiro asadatope. Imeneyi ndiyo idali ntchito ya Gimblett pafupifupi moyo wake wonse wa m'bwalo.

Gimblett adabadwa pa 19 Okutobala 1914 m'mudzi wa Bicknoller, m'boma la Somerset, kubanja la alimi. Adaphunzira pasukulu ya West Buckland, kenaka nkumasewerera timu yaing'ono ya m'tauni ya Watchet. Mu Meyi 1935, ali ndi zaka 20, timu ya Somerset idamuitana kuti ikamuyese kwa masabata awiri. Nthawiyo isadathe, akuluakulu a timu adamuuza kuti luso lake lidali lopelewera. Koma wosewera wina atavulala, adasowa munthu woti apite naye ku Frome kukasewera ndi timu ya Essex, ndipo adatenga mnyamata yemwe adamukana uja. M'mawa wa tsikulo basi idamusiya, mwakuti adachita kupempha matola palole.

Atalowa m'bwalo, timu yake idali pamavuto: anthu 6 adali atatuluka kale, ma run ali 107 okha. Pogwiritsa ntchito thabwa lobwereka kwa mnzake Arthur Wellard, Gimblett adakwanitsa ma run 100 m'mphindi 63, ndipo adatuluka ali ndi 123 patatha mphindi 80. Chaka chonsecho padalibe wina amene adafika pa 100 mofulumira chotero. Somerset idapambana, ndipo nyuzipepala za ku London zidatumiza ojambula zithunzi mpaka kumunda kwa makolo ake.

Ambiri amaiona nkhaniyi ngati nthano yamwayi. Ine ndimaona kuti tsiku limenelo lidamusenzetsanso katundu. Kuyambira pamenepo anthu ankabwera kubwalo kudzaona zodabwitsa ngati za ku Frome, ndipo iye ankadziwa kuti palibe munthu amene angachite zodabwitsa tsiku lililonse. Mu 1936 adasankhidwa kusewerera dziko la England polimbana ndi India pabwalo la Lord's, ndipo m'chigawo chachiwiri adapeza ma run 67 osatuluka. Komabe kusankhidwako kunkamupatsa mantha m'malo mwa chimwemwe. Dziko lake adalisewerera katatu kokha: kawiri mu 1936 ndi kamodzi mu 1939. Ataitanidwanso mu 1950 kuti akakumane ndi West Indies, adalephera chifukwa cha chithupsa chachikulu chimene chidamutuluka pakhosi.

Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse Gimblett adagwira ntchito yozimitsa moto m'mizinda imene inkaphulitsidwa ndi mabomba, ndipo zimene adaona kumeneko sizidamuchoke m'mutu. Nkhondo itatha adabwerera m'bwalo ali wamphamvu kuposa kale. Mu 1948 adapeza ma run 310 polimbana ndi Sussex ku Eastbourne. Mu 1952 adapitirira ma run 2,000 m'chaka chimodzi, ndipo buku lapachaka la Wisden lidamuika m'gulu la akatswiri asanu a chaka m'kope la 1953. Onse pamodzi, ma run amene adapezera Somerset adakwana 21,142, chiwerengero chimene palibe wosewera wina wa timuyo adachifikapo pamipikisano yamtunduwu.

Kuseri kwa ziwerengerozi kudali munthu wosagona tulo. Timu yake idali yofooka, mwakuti kuyambira 1952 mpaka 1955 inkathera pansi penipeni pa matimu onse. Iye ankaona ngati akangotuluka msanga ndiye kuti timu yonse yagwa. Ankadandaulanso za ndalama, poti malipiro a osewera adali ochepa ndipo ntchitoyo idalibe tsogolo lodalirika. Kuwonjezera apo, masiku amenewo osewera olipidwa ankaonedwa ngati antchito wamba poyerekeza ndi ana a anthu olemera amene ankasewera mongosangalala, tsankho limene lidatha mu 1962. Zonsezi zinkamudya m'kati, koma anthu oonerera ankangoona mwamuna wamphamvu womenya mpira mpaka kunja kwa bwalo.

Chaka cha 1953 chitatha adagonekedwa pachipatala cha odwala maganizo cha Tone Vale, pafupi ndi Taunton, kumene madokotala ankamuthandiza podutsitsa mphamvu ya magetsi mu ubongo. Atatuluka adayesa kuyambiranso kusewera mu Meyi 1954. Adasewera mipikisano iwiri yokha. Pa wachiwiri, polimbana ndi Yorkshire ku Taunton, adatulutsidwa ndi Fred Trueman asadapeze run ngakhale imodzi. Mpikisanowo ndiwo udali wake womaliza kusewerera Somerset. Adali ndi zaka 39.

Pambuyo pake adagwirako ntchito pafakitale ya zitsulo ku Ebbw Vale m'dziko la Wales, kenaka adakhala mphunzitsi wa kiriketi pasukulu ya Millfield kwa zaka pafupifupi 20. Nthendayo inkapita n'kubweranso. M'zaka zake zomaliza adajambula mawu ake pamatepi, kufotokoza zonse zimene zinkamusautsa, ndipo mtolankhani David Foot adagwiritsa ntchito matepiwo polemba mbiri yake, imene idasindikizidwa mu 1982. Gimblett sadalione bukulo. Adadzichotsera moyo pa 30 Malichi 1978 ku Verwood m'boma la Dorset, ali ndi zaka 63.

Kodi kusiya kwake mu 1954 kudali kugonja? Ine ndikuti ayi. Munthu wothyoka mwendo sitimuuza kuti alimbe mtima n'kupitiriza kuthamanga. Gimblett adachoka pamalo pamene pankamuwonjezera ululu, ndipo atachoka adakhalabe ndi moyo zaka 24, zambiri mwa izo akuphunzitsa achinyamata. Chimene chidamupelewera ndi anthu omvetsa, pakuti m'masiku ake ambiri ankamuyesa munthu wovuta ndi wokonda kudandaula. Umboni woti zinthu zikadatha kuyenda mwina tikuupeza patimu yomweyo. Marcus Trescothick, nayenso womenya woyambirira wa Somerset, adabwerera panjira kawiri mu 2006 pamaulendo a timu ya England chifukwa cha nthenda ya maganizo. Mu 2008 adasiya kusewerera dziko lake ndipo adafotokoza poyera za vuto lake m'buku. Adathandizidwa, napitiriza kusewerera Somerset mpaka 2019. Nthenda idali yofanana, koma Trescothick adapeza anthu omumvera.

Phunziro limeneli likutikhudza ife kuno. Timakonda kuganiza kuti wovutika maganizo ndi yekhayo woyenda ndi nsanza kumsika wa ku Old Town. Sitiganiza za bwana wa muofesi ku City Centre kapena ku Capital Hill, amene madzulo amalowa kumpanda kwake ku Area 10 kapena Area 12 n'kuchezera usiku wonse osapeza tulo. Tikaona galimoto ndi nyumba yabwino timati munthuyo alibe chodandaula, monga mmene anthu ankaonera ma run a Gimblett. Wodwala malungo amapempha tchuthi mosachita manyazi, koma wodwala nkhawa amanamizira mutu kapena kuthamanga kwa magazi. Anyamata timawalera ndi mawu oti mwamuna salira, n'kuiwala kuti makolo omwewo adatiuzanso kuti mutu umodzi susenza denga. Thandizo lilipo, monga ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God, ku Mzuzu ndi ku Area 43 muno mu Lilongwe, koma ambiri amaopa kuonedwa akulowa pachipata.

Ife ophunzira chiyankhulo tili ndi gawo lathu pankhaniyi. M'Chichewa chatsiku ndi tsiku, liwu loti misala timaligwiritsa ntchito pamatenda onse a maganizo, ndipo ndi liwu lonyoza. Munthu ngati Gimblett, amene ankagwira ntchito yake mwaluso, kusamala banja ndi kucheza ndi anzake, sangavomere kutchedwa wamisala, choncho amasankha kukhala chete. Mawu ena tili nawo: nkhawa, kukhumudwa, kusweka mtima, kuvutika maganizo. Ntchito yathu ndi kuwasiyanitsa bwino, kuwalemba m'mabuku ndi kuwazoloweretsa pawailesi ndi m'kalasi, kufikira wodwala atatha kuuza dokotala, abwana ake kapena mkazi wake dzina la chimene chikumupweteka. Gimblett adafotokozera matepi zimene zinkamusautsa, ndipo anthu ambiri adazimva iye atapita kale. Odwala athu ayenera kumvedwa akadali moyo.